Njerwa za Nyumba Yakumapeto

Inu mumangoiona pa zenera la minibasi polisi yakale ija ya pa Phirilanjiwa, n'kumati, "Koma azungu ankamanga!" Ankamanga ndani? Njerwa zimene zija anaumba ndi anthu ngati ine ndi inu, zala zawo zikuonekabe mpaka lero. Ine ndinakhalamo m'malaini a apolisi amenewo, ana anga onse ndinabalira momwemo. Zimene ndinamva m'menemo kale sindinkazikamba, pajatu mkazi wa wapolisi amayamba waphunzira kutseka pakamwa asanaphunzire kusita yunifolomu. Lero ndakalamba, amuna anga anapita, palibenso wondichotsera ntchito.

Malaini ake ndi nyumba imodzi yaitali ngati sitima. Denga limodzi, khonde limodzi la zipilala zokhota pamwamba ngati za kutchalitchi. Banja lililonse chitseko chake, zenera lamatabwa, ndi timabowo tolowera mpweya m'mwamba. Makoma ndi okhuthala moti mwana amatha kugona pa zenera osagwa, koma a pakati safika kudenga, ndipo siling'i mulibe. Mnzako akatsokomola umamva. Akakangana za ndiwo, mawa malaini onse akudziwa kuti mchere unachuluka. Njerwazo sanamangire simenti, anamangira dothi losakaniza ndi laimu. Chimenechi muchigwire, tichifunanso kutsogoloku.

Ife anatipatsa nyumba yoyandikana ndi yakumapeto. Yakumapetoyo inali yokiya, ankangosungiramo njinga zothyoka.

Tsiku loyamba ndinadzuka mbandakucha, chitsulo choitanira apolisi ku perete chisanalire. Ndinamva munthu akupolisha nsapato. Tswa, tswa, tswa. Kenaka kulavulira pang'ono, n'kuyambiranso. Fungo la polishi linkachita kubwera pamwamba pa khoma. Ndinati koma ndakwatiwa ndi munthu wakhama. Kutembenuka, amuna anga, bambo a Ziwani, ali pambali panga, mkonono uli pakati.

Ndinawagwedeza. "Bambo, kuseriku mumati simukhala munthu?"

"Ndi makoswe," anayankha osatsegula maso.

"Makoswe a kuno amapolisha nsapato?"

"Iwe, tagona."

Koma mkonono sunabwererenso. Anangokhala chigonere, maso ali kudenga, mpaka chitsulo chinalira. Chitangolira, kuseri kuja kunati zii.

Amene anandimasula ndi make Esinati, mkazi wa asajeni, mayi wamkulu wa malaini onse. Sanandiuze zambiri. Anangondigwira dzanja n'kunditengera kuseri kwa nyumba yakumapeto. Khoma lakumbuyo linali ndi chibowo chachikulu chosafika mkati, njerwa zitachotsedwa mwaukhondo, imodziimodzi, popanda yophwanyika pansi.

"Mwezi wa Ogasiti kubwera mayi wina," anatero. "Udzamudziwa, amasenza nkhata yopanda katundu. Usamufunse kanthu. Udzangomupatsa madzi m'beseni, ndi udindo wa amene ali nyumba yoyandikana. Amunawa asadziwe."

"Nanga chibowo chonsechi sachiona?"

"Amadziwa, koma asadziwe. Wamva?"

Mu Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba, anabweradi. Mayi wamtali, woonda, imvi zitayamba, nkhata ili pamutu. Anapereka moni ngati munthu wodutsa, n'kuzungulira kuseri. Ndinamutsatira ndi beseni. Anagwada, n'kuyamba kuwaza madzi m'mizere ya dothi, kudikira kuti lifewe, kenaka n'kumakokota ndi msomali waukulu umene anaumasula pa mfundo ya chitenje. Akugwira ntchitoyo ankalankhula ndi khoma motsitsa mawu.

"Bambo, ndabwera. Chaka chino mtedza wakana. Mbuzi yakuda ija yaswa awiri. Achimwene anu aja mwendo ukuwavutabe, koma mowa sanasiye."

Njerwa itagwedera anaisolola, n'kuipukuta ndi m'mphepete mwa chitenje, n'kuiika pankhata. Anandithokoza, ulendo.

Ine mumandidziwa, chinthu sichikhala m'mimba mwanga. Chaka choyamba ndinapirira. Chachiwiri ndinafunsa. Anandiyang'ana kwa nthawi, kenaka anaseka.

"Anzako onse amapirira zaka zambiri asanafunse. Iwe ndiwe wa kuti?"

Dzina lawo anali a Nachanza, a kwa Tsokalida, kuseri kwa mapiri. Amuna awo, a Yotamu Chadzunda, anali wapolisi nthawi imene apolisi ankavala makabudula ndi kuyenda pansi m'midzi. Anali atangokwatirana kumene, mwana asanabwere. Ulendo wina mvula inawavumba m'njira, anabwera chifuwa chikuwawa, ndipo mlungu usanathe anatsirizika m'nyumba yakumapetoyo. Mpaka tsiku lomaliza ankafunsa ngati chitsulo chalira, kuopa kuchedwa ku perete.

"Thupi tinakaika kwathu," anatero a Nachanza. "Koma iwe ukudziwa mwambo. Mwini nyumba akamwalira, tikameta, nyumba yake timagwetsa, kuti aone yekha kuti kuno kwatha, asamabwerere kudzafuna pogona. Atsibweni awo anabwera kuno ndi nkhwangwa ndi makasu. Bwana wa pano anati aliyense wokhudza nyumba ya boma agona m'chitokosi. Nanganso denga ndi limodzi, ukagwetsa iyi wagwetsera anzako. Anabwerera ndi makasu awo. Ine anandipatsa masiku ochepa kuti ndilongedze."

Anapukuta msomali, n'kupitiriza.

"Mmawa umene ndinkanyamuka ndinamva bulashi. Ndinadziwa kuti kumanda kuja tinangoika thupi, munthu watsala kuno. Akudikira chitsulo, sakudziwa kuti ntchito inatha."

"Nanga bwanji imodziimodzi, amayi? Bwanji osabwera ndi anyamata, tsiku limodzi basi?"

"Njerwa imodzi boma siliona. Ziwiri ndi mlandu. Ndipo iwe sunawadziwe a Chadzunda. Atandiona ndikutenga ziwiri akanandimanga okha, mkazi wawo yemwe."

Tinaseka tonse, koma ine pobwerera m'nyumba ndinakalira. Sanakwatiwenso mayi ameneyo. Amuna anafunsira, iwo ankangoti, "Ndidikire kaye ndimalize kusamutsa anzanuwa."

Tsono mvetserani. Zaka zimene ndinakhala pamenepo zinthu zinkasintha, pang'onopang'ono moti ukanapanda kutchera khutu sukanadziwa. Poyamba bulashi inkamveka mkati. Chaka chimene chibowo chinaboola n'kuyamba kulowetsa kuwala m'chipindamo, tinayamba kuimva pakhonde, pafupi ndi chipilala chomaliza. Kutacha tinkapeza pa sitepe kadontho ka polishi, kakuda, kosauma. Agalu a m'malaini anasiya kugona mbali imeneyo.

Kenaka bulashi inaleka, m'malo mwake kunabwera mapazi. Majombo olemera, akuyenda pang'ono n'kuima, ngati munthu amene watuluka koma sakudziwa kolowera. Chaka china ankathera pa mlongoti wa mbendera. Chaka china anafika pa mabulugamu a kumsewu.

Amayi ochokera kunkhuni ndi amene anayamba kukumana naye. Kachisisira, nkhope za anthu zitayamba kusazindikirika, ankapeza munthu ataima m'mbali mwa msewu, chilili, manja kumbuyo. Kabudula wa khaki, majombo owala ngakhale msewu wonse uli fumbi lokhalokha. Nkhope palibe anaiona. Aliyense ankati anali atayang'ana kumbali, ngakhale amene anamudutsa uku ndi uku. Ankafunsa mwaulemu, ndi mawu a munthu wa chifuwa.

"Pepani amayi, kodi chitsulo chalira kale?"

Ena ankataya mitolo n'kuliyatsa liwiro. Make Esinati asanasamuke anauza amayi onse choyankha, kuti, "Chinalira kale, bambo, anzanu anaweruka." Akamva zimenezo ankapuma mozama, n'kusuntha pang'ono chakutsogolo.

Ine ndinakumana naye kamodzi kokha, ana anga atakula kale. Ndinkachokera kuchigayo, thumba lili pamutu. Ndinamupeza pa mlatho, kutali ndithu ndi malaini, pamene msewu umapatukira kumapiri. Fungo la polishi linandifikira ndisanamufike. Ndinakonzeka ndi yankho lija, koma funso linali lina.

"Pepani amayi, njira ya kwa Tsokalida ndi yomweyi?"

Ndinayankha, "Ndi yomweyi, bambo. Mukawoloka mungolunjika."

"Zikomo." Koma sanawoloke. Phazi linali pa thabwa loyamba la mlatho, lina lili kumbuyo. Ndinadutsa osacheuka, ndipo kufika kunyumba ndinapeza ufa watayikira msana wonse osadziwa.

Ogasiti atakwana ndinawachingamira a Nachanza kumsewu. Apa n'kuti akuyendera ndodo, msana utapindika, maso atayamba kuchita khungu. Nditawauza, ndodo inagwa.

"Pa mlatho? Wati pa mlatho?"

"Ndipo afunsa njira ya kwanu."

Mayi wokalamba uja anavina pamsewu. Anagwedeza mapewa, n'kululutira ndi mawu osasa, fumbi lili koboo. Tsiku limenelo pakhoma paja sananene za mtedza kapena mbuzi. Anangoti, "Bambo, chaka cha mawa muwoloke. Ndazira kale pakhonde." Njerwa ya chaka chimenecho inawalemera, ndinawanyamulira mpaka pokwerera basi.

Mvula itatha, kunabwera galimoto. Polisi yatsopano inali ikumangidwa ku msika, ndipo bungwe lina losamala nyumba zakale linati malaini athu akonzedwe, anthu azidzaona. Woyang'anira ntchito anali bambo Kalonjere, munthu wofatsa, wokonda kusisita makoma ngati akusisita mwana. Musaganize kuti anali woipa. Ndikanakonda akanakhala woipa, bwenzi ndili ndi womutukwana.

Nditaona atayimika makwerero kuseri, ndinaswa lamulo la make Esinati. Ndinamuuza zonse. Sanaseke. Anavula chipewa n'kukhala pa mulu wa mchenga.

"Amayi, bwerani muone," anatero pambuyo pake. Anandionetsa mng'alu wochokera pa chibowo chija kukwera mpaka pa mtanda wa denga. "Mvula ikubwerayi khomali ligwa. Likagwa likoka denga lonse, mpaka nyumba yanu."

"Ife tikusamuka. Likagwa, si ndiye zabwino?"

Anagwira njerwa ina yokhala ndi zala zitatu zodindika. "Agogo anga anaumba nawo njerwazi, osalipidwa, ankati ndi msonkho. Manda awo sitikuwadziwa. Chimene chinatsala cha iwo ndi ichi. Inu mukufuna wanu atuluke, ine ndikufuna wanga asafafanizike. Nditani?"

Iye anaganiza, n'kulonjeza kuti alimbitsa khomalo ndi chitsulo pamwamba, koma asiya mpata wonga zenera, ndipo pomanga agwiritsa laimu ngati kale, kuti mayiyo azitha kusolola njerwa yake. Anauza amisiri ine ndikumva. Kenaka anamuitana ku tauni.

Amisiriwo anali anyamata odziwa ntchito yawo, onyadira. Laimu anati amachedwa kuuma, ndi za makolo. Ndipo mmisiri wanji amasiya chibowo pakhoma, anthu n'kumati ndani anamanga apa? Ine ndinali ku maliro a mlamu wanga. Pobwera ndinapeza khoma lili gwa, losalala, njerwa zatsopano zitamangidwa ndi simenti, ngakhale mizere ya zakale ataimata simenti yomweyo mpaka pansi. Anandionetsa akumwetulira, kudikira kuti ndiwayamikire. Bambo Kalonjere atabwera anagwira kumutu. Anati kugumula simentiyo kungaphwanye njerwa zakale zonse. Anandipepesa maso ali pansi.

Zimene zinayamba madzulo a tsiku limene anatseka chibowocho, amayi anzanga ndi amene anandiuza, ndipo nditabwera ndinadzimvera ndekha, chifukwa zinachitika masiku angapo, ngati munthu amene akuyesa kubwerera kumsewu koma chinachake chikumukoka. Dzuwa litangolowa, tili pakhonde tikusankha nyemba, agalu analowa pansi pa mabenchi. Kuchokera ku mabulugamu kunamveka majombo. Sankayenda ngati wapolisi, ankakhwekhwereza. Anadutsa pa mlongoti, anakwera sitepe. Amayi anakokera ana m'nyumba, koma ine ndinatsala pakhondepo. Anadutsa chitseko ndi chitseko, khonde lonse lija, ndipo pondidutsa ine mphepo yozizira inandikhudza m'mapazi. Loko wa nyumba yakumapeto sanagwedere n'komwe. Mapazi anangopitirira mkati.

Mbandakucha bulashi inayambiranso. Tswa, tswa. Koma inkaima pakati, ndipo ikaima kunkamveka kupuma kodukaduka. Ndinamvapo amuna akulira pamaliro, amalira mobisa choncho. Bambo a Ziwani anadzuka n'kukhala m'mphepete mwa bedi, nkhope ili m'manja. Za makoswe sanazitchule.

Mabanja ena anasamukira ku polisi yatsopano. Ife ndinakaniza, ndinati tidikire Ogasiti adutse. Sindikanalola kuti mayi uja adzapeze khomalo ali yekha.

Anabwera atavala chitenje chatsopano. Ndinawachingamira kumsewu, mawu nditakonza, koma iwo anayamba ndi kufunsa, "Pa mlatho sindinawaone, kapena awoloka kale, tasemphana?" Ndinangowagwira dzanja. Pakamwa panga, pamene anthu amati sipatseka, panatseka tsiku limenelo.

Titazungulira kuseri anaima. Maso awo sankaona bwino, choncho anapita pafupi n'kuyamba kupapasa. Anapapasa uku, anapapasa uko, kufuna m'mphepete mwa chibowo chawo. Anabwerera pakona n'kuyambiranso, kuganiza kuti asochera khoma.

"Make Ziwani, madzi."

"Amayi, ndi simenti."

"Ndati madzi."

Ndinabweretsa beseni. Anawaza, madzi anangotsetsereka mpaka pansi. Anadikira monga ankachitira, n'kutulutsa msomali. Unkangolira pakhoma, osalowa. Anakanikiza ndi manja awiri mpaka unaterereka n'kuwacheka chala. Sanalire, ndipo chimenecho ndi chimene chimandipweteka mpaka lero. Anatsamira chipumi pakhomapo n'kunena motsitsa, "Bambo, pepani. Ndinachedwa."

Titacheuka, bambo a Ziwani anali ataima pakona, atavala yunifolomu, hamala ili m'manja. Munthu amene zaka zonsezi sankadziwa kanthu.

"Amayi, patukani. Ntchito ithe lero ngati n'kutha."

"Iyayi mwanangu, uli ndi ana. Ndipo ungagumule zingati? Zaka zanga zonse zabwerera m'khomamu." Anapukuta chala pa chitenje chatsopano chija. "Kiyi wa nyumbayi ali ndi ndani?"

Amuna anga anapita kukamutenga. Atatsegula, anaima pambali n'kuchitira sailuti chipinda chopanda munthu. Munali mutayeretsedwa, njinga zitachotsedwa, koma fungo la polishi linatuluka ngati wina wangotseka kumene chitini. A Nachanza anali asanapondemo chichokereni ali mtsikana. Anavula nkhata, n'kuikapo msomali, n'kundipatsa.

"Zaka zonsezi ndimati atuluke adzandipeze. Nanga poti akanika, ndilowe ndine. Munthu sangamadikire yekha mpaka kalekale."

"Amayi, tiyeni mukagone kwathu, mawa tikambirana."

"Iwe umakonda kufunsa, lero usafunse. Tseka chitseko, mphepo ikulowa."

Ndinawapititsira mphasa ndi bulangete, n'kukhala pakhonde mpaka mdima. Pamwamba pa khoma ndinkamva mawu awo, akufotokoza za mtedza, za mbuzi, za amene anamwalira ndi amene anabadwa. Penapake anaseka, kuseka kwa mtsikana. Ngati wina ankayankha, ine sindinamve.

Mbandakucha umenewo bulashi sinamveke. Titatsegula tinawapeza atakhala tsonga, atatsamira khoma latsopano lija, bulangete litafunditsidwa bwinobwino mpaka m'khosi, m'mbali mwake litapindidwa mwaukhondo ngati mmene amayalira apolisi. Anali atazizira kale.

Tinaperekeza maliro kwa Tsokalida. Kumanda ndinaona manda a a Chadzunda, njerwa zitasanjidwa pamwamba mizeremizere, zam'munsi zitamera ndere, yapamwamba ija ndinawanyamulira ine ikadali yofiira. Pakhonde la kanyumba kawo panali pozira bwino, mipando iwiri itayang'ana kumsewu. Atameta, abale anagwetsa kanyumbako monga mwa mwambo. Ndinangoyang'ana fumbi likukwera, mumtima ndikudziwa kuti agwetsa nyumba yolakwika.

Tinabwerera kukalongedza. Mmawa wathu womaliza m'malaini ndinadzuka chitsulo chisanalire, ngakhale chitsulocho chinali chitasamutsidwa kale. Kuseri kunamveka bulashi, tswa, tswa, tswa, modekha, yosadukizanso. Ndipo pambali pake, pang'onopang'ono, wina ankasesa ndi tsache.

Ena ndikawauza amati ndiye zinatha bwino, anapezana. Ine sindiona choncho. Mayi uja anazira khonde kwawo, anaika mipando iwiri. Sankafuna kukakhala m'chipinda cha boma, kudikira chitsulo chimene sichidzaliranso.

Lero pamalopo ndi pokongola, apaka laimu zipilala, abzala maluwa. Ana asukulu amabwera kudzajambulitsa. Pakhoma pali chikwangwani choletsa kuchotsa kapena kuwononga chilichonse. Ine Ogasiti aliyense ndimakwera minibasi, nkhata ili m'chikwama, msomali uli pa mfundo ya chitenje. Ndimazungulira kuseri, n'kugwada, n'kuwauza za mvula ndi za ana anga. Njerwa sindinasololepo ngakhale imodzi. Chaka chatha nsonga ya msomali inalowako pang'ono.

Mlonda wa pamenepo amadziwa, koma sadziwa. Akandiona amangopita kumpopi n'kundibweretsera madzi m'beseni, ngakhale tonse awiri tikudziwa kuti simenti simva madzi.